Magazi a mwana wa autism amanena zoona pati, amanama pati?

Pali ana ena omwe mbale yawo sisintha chaka chonse. Nsima ikhale ya ufa woyera, ya mgaiwa sakhudza. Msuzi ukangodonthera pa mtanda, mtanda wonsewo watha ntchito. M'mawa tiyi ndi buledi wochotsa khungu, madzulo mwina tchipisi, basi. Mukawakakamiza nkhwani amachita nseru mpaka kusanza. Si matama kapena kulera koipa: kwa ana ambiri omwe ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhula ndi kuyanjana ndi anthu), kuterera kwa therere, fungo la usipa kapena timibulu ta nsinjiro m'kamwa zimawasautsa ngati mmene phokoso la chigayo limawasautsira m'makutu. Mu 2013 gulu la William Sharp ku Atlanta linaphatikiza zotsatira za kafukufuku 17 ndipo linapeza kuti vuto la kadyedwe limapezeka mwa ana amenewa kuwirikiza kasanu kuposa anzawo, komanso kuti amadya kashiamu ndi mapuloteni ochepa.

Kholo la mwana wotere likamva kuti kunja kuli malabotale omwe amayeza zinthu makumimakumi m'mkodzo ndi m'magazi, mtima umathamangira komweko. Ndiye tinene poyera. Magazi sangakuuzeni ngati mwana ali ndi autism. Angathe kukuuzani zomwe zakudya zochepa zija zachita m'thupi mwake, ndipo mwa apo ndi apo amatulukira nthenda yobadwa nayo yomwe yabisala kuseri kwa autism. Koma manambala ambiri oopseza omwe amabwera pa pepala la zotsatira sanachokere mwa mwanayo, anabadwira m'kabotolo pakati pa singano ndi makina.

Zomwe akatswiri apeza chiyambire 1961

Kuyambira pomwe Leo Kanner anafotokoza za ana 11 ku Baltimore mu 1943, autism imadziwika poona khalidwe: mmene mwana amalankhulira, kuyang'ana anthu, kuloza chinthu kuti wina achione, kusewera, ndi kubwerezabwereza zinthu. Kusaka chizindikiro cha m'magazi kunayamba msanga ndithu. Mu 1961 Richard Schain ndi Daniel Freedman anapeza serotonin (chinthu chotumiza mauthenga m'mitsempha) wochuluka m'magazi a ana ena, ndipo izi zatsimikizidwa kambirimbiri: pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Serotonin ameneyu amapangidwa m'matumbo n'kusungidwa m'timaselo tothandiza magazi kuundana, choncho sakukuuzani zomwe zili mu ubongo. Ana atatu mwa anayi aja alibe vutoli, ndipo ena opanda autism ali nalo.

Kafukufuku yemwe anatchuka kwambiri pa nkhani ya zakudya ndi wa Jill James wa ku Arkansas mu 2004, woyerekeza ana 20 a autism ndi 33 opanda. Kuti timve zomwe anapeza, titsate njira yake m'thupi. Methionine amachokera m'mapuloteni omwe tadya. Thupi limamusandutsa SAM, yemwe ntchito yake ndi kugawa tizidutswa ta methyl ku DNA ndi ku zinthu zina zambiri. Akagawa amasanduka SAH, kenako homocysteine. Apa ndi pa mphambano: homocysteine angathe kubwerera n'kukhalanso methionine mothandizidwa ndi folate ndi vitamini B12, kapena kutsikira kwina mothandizidwa ndi B6 n'kukhala cysteine, yemwe amapangira glutathione, mlonda wamkulu woteteza maselo kuti asawonongeke ndi okosijeni. James anapeza methionine, SAM, cysteine ndi glutathione zotsika, pomwe SAH ndi glutathione wotha mphamvu zinali zokwera. Mu 2017 gulu la Juergen Hahn ku Rensselaer linatenga miyeso ya mtundu womwewu ya ana 83 a autism ndi 76 opanda, n'kuisanthula ndi masamu a pa kompyuta, ndipo linati latha kulozera molondola ana a autism pafupifupi 98 pa 100 alionse. Kafukufuku wina wamkulu, CAMP, mu 2019 anayeza ma amino acid (tizidutswa topanga mapuloteni) mwa ana 516 a autism ndi 164 opanda, ndipo kusokonekera komwe ankafuna kunapezeka mwa ana 17 okha pa 100 alionse.

Nanga bwanji zipatala sizikugwiritsa ntchito miyeso imeneyi? Poyamba, mwana yemwe sadya nyemba, nsomba kapena mazira adzakhala ndi methionine wotsika kaya ali ndi autism kaya ayi. Makina akuona mbale, ife n'kumati aona ubongo. Chachiwiri, kafukufuku wambiri amayerekeza ana a autism ndi ana athanzi bwinobwino, chikhalirecho funso la kuchipatala silikhala limenelo. Dokotala wa ku Blantyre kapena ku Chipata ayenera kusiyanitsa autism ndi kusamva, khunyu, kuchedwa kukula chifukwa cha kunyentchera, kapena zipsera za malungo a mu ubongo, omwe amasiya ana ena osalankhula ndi osakhazikika.

Chachitatu ndi masamu, ndipo awa ndi ofunika kuwadziwa musanatulutse ndalama. Tiyerekeze muyeso umagwira ana 90 mwa 100 a autism, n'kumasulanso molondola 90 mwa 100 opanda. Zikumveka bwino. Tengani ana 1,000 pomwe 10 ali ndi autism. Muyesowo ugwira 9 mwa 10 aja, koma ulozanso molakwika 99 mwa 990 otsalawo. Mwa ana 108 omwe auzidwa kuti ali ndi vuto, 9 okha ndiwo alidi nalo. Masamu ena ofanana nawo: malire a "zabwinobwino" pa pepala la labotale amaikidwa kuti akwane anthu athanzi 95 mwa 100. Mukayeza zinthu 20 zosadalirana mwa mwana wathanzi, mwayi woti chimodzi chituluke kunja kwa malire ndi 64 pa 100. Mukayeza 40 ndi 87 pa 100. Pepala lalitali la zotsatira lidzakhala ndi mizere yofiira basi, ndipo wogulitsa mapiritsi amadziwa zimenezi.

Yambani ndi mbale, singano ibwere pambuyo

Musanatenge dontho la magazi, lembani chilichonse chomwe mwana wadya ndi kumwa kwa masiku atatu, limodzi likhale Loweruka kapena Lamlungu. Lembani zomwe wamezadi, osati zomwe munamupakulira: mitanda ingati, masipuni angati, tiyi wa mkaka kapena wopanda. Kenako ziikeni m'magulu 6 a zakudya omwe amaphunzitsa kusikelo aja. Gulu likasoweratu, kapena zakudya zonse zomwe mwana amalola zikapanda kufika 20, pamenepo pali chifukwa choyezera magazi, ndipo mndandandawo ukuuzani choti muyeze. Sikelo isakunamizeni. Mwana wa nsima, mandasi ndi zakumwa za shuga amalemera bwino, mzere wa m'buku la kuchipatala n'kumakwera, thupi lili lopanda michere. Funsaninso za mankhwala: phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amatsitsa vitamini D ndi folate, sodium valproate amatsitsa carnitine n'kukweza ammonia, risperidone amanenepetsa n'kukweza shuga ndi mafuta a m'magazi.

Ayironi ndiye woyamba. Kuyeza hemoglobin (chofiiritsa magazi) kokha sikukwanira chifukwa amatsika pomaliza, nkhokwe itatha kale. Nkhokweyo imaoneka pa ferritin. Malire a WHO ndi 12 µg/L kwa osakwana zaka 5 ndi 15 µg/L kwa okulirapo. Msampha wake ndi woti ferritin amakwera thupi likamalimbana ndi matenda alionse, ndipo malungo amamukweza kwa milungu ingapo ngakhale mwana atachira. Mwana angathe kuonetsa ferritin 40 nkhokwe ili mbee. N'chifukwa chake ferritin amayenera kuyezedwa pamodzi ndi CRP, muyeso woonetsa ngati thupi likulimbana ndi matenda: CRP ikapitirira 5 mg/L, malire amasunthira pa 30 kwa aang'ono ndi 70 kwa okulirapo, kapena mungodikira milungu ingapo n'kubwereza. Kuyeza malungo tsiku lomwelo ndi kufunsa za mankhwala a njoka za m'mimba n'kotchipa kuposa kubwereza zonse. Kuperewera kwa ayironi kumasokoneza tulo, kumachititsa mwana kupalapasa miyendo usiku ndi kulakalaka dothi, zinthu zomwe anthu amangoziika pa mutu wa autism.

Zinki ndi wovuta kuyeza kuposa mmene ambiri amaganizira. Amapezeka paliponse: m'labala wa chotsekera kabotolo, mu ufa wa magolovesi, m'fumbi. Pamafunika kabotolo kapadera kopanda zitsulo, kawirikawiri ka chotsekera cha buluu woderapo. Maselo ofiira ali ndi zinki wochuluka kuwirikiza pafupifupi 10 kuposa madzi a magazi, ndiye maselowo akaphulika chifukwa cha singano yopyapyala, kukoka sirinji mwamphamvu kapena kukhutchumula kabotolo, nambala imakwera yonama. Yang'anani madziwo mutapatula: akakhala ofiirira m'malo mwa chikasu, tayani. Zinki amatsikanso mwana akangodya komanso dzuwa likamapendeka, n'chifukwa chake malire a ana osakwana zaka 10 ndi 65 µg/dL m'mawa koma 57 µg/dL masana. Lembani ola pa fomu. Ndipo nambala ikatuluka yotsika musathamangire kuti ndi chizindikiro cha autism. Kafukufuku wa michere ya m'thupi yemwe anachitika m'Malawi monse mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana osakwana zaka 5 pafupifupi 60 pa 100 alionse anali operewera zinki. Gwero lake ndi chimanga. Mgaiwa uli ndi zinki koma ulinso ndi phytate yemwe amamumanga kuti asalowe m'thupi. Ufa woyera, pokonola ndi kuviika mphale, umataya phytate wambiri koma umatayanso zinki, ayironi ndi mavitamini a B. Chimera ndi kusasitsa, monga mu thobwa, zimaphwanya phytate, ndipo kansomba pang'ono pambali kamathandiza thupi kuyamwa zinki.

Vitamini C ndiye amaiwalika, pomwe ndi amene amagoneka ana. Mwa ana a autism omwe madokotala alembapo kuti anadwala kwambiri chifukwa cha kusankha zakudya, scurvy, nthenda ya kusowa vitamini C, ndi yomwe imatsogola. Thupi silisunga vitaminiyu nthawi yaitali: mwezi umodzi mpaka itatu popanda chipatso kapena masamba, zizindikiro zimayamba. Mwana amayamba kutsimphina, kenako kukana kuyenda, kulira mukamugwira miyendo chifukwa magazi akuchucha pansi pa kachikopa kokuta fupa. Nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, pakhungu pamaoneka timadontho tofiira m'mizu ya ubweya. Popeza mwanayo mwina salankhula, amayamba kumufufuza matenda a mafupa kapena khansa ya m'magazi, mpaka wina atafunsa kuti kodi amadya chiyani. Poyeza, magazi aikidwe pa ayisi, akutidwe asaone kuwala, apatulidwe msanga n'kuumitsidwa mufiriji. Pansi pa 11 µmol/L ndi kuperewera. Komwe muyesowu kulibe, mbiri ya kadyedwe ndi zizindikiro n'zokwanira kuyamba mankhwala, ndipo kuchira kwake, komwe kumayamba m'masiku ochepa, ndiko umboni. Kukhitchini, dziwani kuti soda kapena chidulo chomwe timathira m'masamba kuti afewe chimawononga vitamini C ndi B1. Mwana wa zaka 4 mpaka 8 amafuna 25 mg patsiku, ndipo gwafa limodzi limapitirira pamenepo kutali. Madzi a malambe nawo ndi abwino kwa mwana wokana zotafuna.

Vitamini A akachepa, mwana amayamba kupunthwa kukangoda, maso amauma, ndipo zikapitirira amasiya kuona mpaka kalekale. Retinol (vitamini A wa m'magazi) pansi pa 0.70 µmol/L ndi kuperewera, koma naye amatsika kwa kanthawi mwana akadwala, choncho CRP ikufunikanso. Ku Malawi shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amathiridwa vitaminiyu, zomwe zimateteza pang'ono ana a tiyi aja. Oyenera kuwayang'anitsitsa ndi omwe apitirira zaka 5, chifukwa kapisozi wa kusikelo uja amathera pamenepo.

Zotsalazo tidutsepo mwachangu. Vitamini D: yezani 25-hydroxyvitamin D, pansi pa 30 nmol/L ndi kuperewera, dzuwa la kwathu silithandiza mwana wotsekeredwa m'nyumba tsiku lonse, ndipo mabanja okhala ku Britain vutoli ndi lalikulu chifukwa khungu lakuda limafuna dzuwa lambiri. B12: pansi pa 148 pmol/L, makamaka mwa osadya za nyama; ikakhala pamalire, methylmalonic acid ndi yomwe imadula mlandu. Mwana wa chimanga chokhachokha akayamba zilonda zakuda zokakala pakhosi ndi kunja kwa manja komwe kumawomba dzuwa, ndi kutsekula m'mimba, ganizani za pellagra, nthenda ya kusowa vitamini B3.

Mtovu ndi nkhani ina. Ana a autism amapitiriza kuika zinthu m'kamwa mpaka atakula: dothi, makoko a penti, mabatire. Mwana wodya zosadyedwa ayezedwe mtovu (lead). Bungwe la zaumoyo la CDC ku America linatsitsa malire ake kufika pa 3.5 µg/dL mu 2021. Ku Kabwe ku Zambia, komwe mgodi unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake lidakali m'mabwalo osewerera, muyesowu si wongoganizira. Magazi a pachala amaipitsidwa ndi fumbi la pakhungu, ndiye sambitsani dzanja ndi sopo, ndipo nambala yokwera itsimikizidwe ndi magazi a mumtsempha. Mwana woperewera ayironi amayamwa mtovu wambiri kuposa mnzake.

Matenda obadwira m'kabotolo

Ganizani mmene magazi a mwana wa autism amatengedwera. Anthu atatu amugwira, akukuwa, akuphiriphitha, lamba wamangidwa pamkono kwa mphindi zingapo namwino akusaka mtsempha. Minofu yomwe ikulimbana imatulutsa asidi wotchedwa lactate. Lamba amatsekereza magazi, lactate n'kuwonjezekanso. Kabotolo kakakhala pa tebulo, maselo ofiira amapitiriza kudya shuga n'kumatulutsa lactate wina. Zotsatira zikubwera 3.5 mmol/L pomwe malire ndi 2.2, kholo n'kuuzidwa kuti mwana ali ndi vuto la mitochondria, tizigawo ta m'maselo topanga mphamvu. Zoona zake, nthenda yeniyeni ya mitochondria imapezeka mwa ana a autism ochepa, pafupifupi 5 pa 100 malinga ndi kuwerengera kwa Rossignol ndi Frye mu 2012. Kuti muyeso ukhale woona, pakani kirimu wochititsa dzanzi ola limodzi musanabaye, ikani kanula, musiyeni mwana apume kwa theka la ola, kenako kokani popanda lamba. Magazi alowe m'kabotolo ka fluoride, ka chotsekera chotuwa, kaikidwe pa ayisi. Lactate wokwera kamodzi si nthenda. Bwerezani, ndipo onani alanine, yemwe sasinthasintha msanga. Alanine wopitirira 450 µmol/L mobwerezabwereza ndiye wopatsa chidwi.

Ammonia ndi wosachedwa kunama kuposa onse. Ayenera kufika ku labotale ali pa ayisi ndi kuyezedwa mkati mwa mphindi 15 mpaka 30. Magazi omwe ayenda pa minibasi kuchoka ku boma kupita ku tawuni sangayezedwe ammonia, ngakhale makina atatulutsa nambala.

Ma amino acid amafuna mwana asanadye, makamaka m'mawa, kabotolo ka heparin, ndi kupatula madzi a magazi ola lisanathe. Mukachedwa, zizindikiro zake zimadziwika: glutamine amatsika glutamate n'kukwera, arginine amatsika ornithine n'kukwera. Wowerenga wozindikira akaona mapasa amenewa amadziwa kuti ndi kuchedwa, osati mwana. Homocysteine amakwera chifukwa maselo ofiira amapitiriza kumutulutsa. Glutathione ndiye woopsa: m'maselo ofiira alipo wochuluka kuwirikiza mazanamazana kuposa m'madzi a magazi, ndiye maselo ochepa chabe akaphulika nambala yonse yaonongeka, ndiponso amatha mphamvu m'mphindi zochepa akakumana ndi mpweya pokhapokha athiridwe mankhwala omugwira nthawi yomweyo. Ichi n'chifukwa china chomwe zotsatira za ku Arkansas zija zimavutira kuzibwereza m'chipatala wamba. Onjezanipo magetsi: firiji ikazima usiku zitsanzo n'kusungunuka, n'kuumanso m'mawa, palibe yemwe angaone ndi maso. Kachubu ka madzi oumitsidwa kokhala ndi kandalama pamwamba pa ayisi kamaulula. Mukapeza kandalamako kamira, zitsanzo zonse n'zokayikitsa.

Mkodzo uli ndi malamulo ake. Wa m'mawa ndi wabwino chifukwa ndi wokhuthala, 5 mpaka 10 ml, wopanda mankhwala osungira, uumitsidwe msanga. Ku labotale amasefa ma organic acid ndi ethyl acetate, n'kuwasintha kuti athe kuuluka ngati nthunzi, kenako makina a GC-MS amawalekanitsa ndi kuwazindikira. Zonse amaziwerengera poyerekeza ndi creatinine, chinthu chochokera m'minofu chomwe chimatulukira mu mkodzo, choncho mkodzo wamadzimadzi kapena wa mwana wa minofu yochepa umakweza manambala onse. Mabakiteriya a m'mkodzo wokhalitsa amapanga ma asidi awoawo. Valproate, paracetamol, ngakhale nthochi, chinanazi ndi tomato zimasiya mapazi ake. Fomu yopanda mndandanda wa mankhwala ndi zakudya za dzulo ndi fomu yosathandiza.

Ndani ayenera kufufuzidwa matenda obadwa nawo

Alipo matenda osowa omwe amaoneka ngati autism ndipo ena amachizika. Mu nthenda yotchedwa PKU thupi limalephera kuphwanya amino acid wotchedwa phenylalanine, yemwe amapitirira 1,200 µmol/L pomwe mwa ena safika 120. Ndi yosowa kwambiri mwa anthu akuda a mu Africa. Pali kuperewera kwa creatine mu ubongo, komwe kumaoneka pa guanidinoacetate ndi creatine wa m'mkodzo. Pali Smith-Lemli-Opitz, ya cholesterol, yomwe kawirikawiri imabwera ndi chala chachiwiri ndi chachitatu cha kuphazi zolumikizana. Pali kuperewera kwa biotinidase, komwe piritsi la biotin limathandiza. Mu 2012 Gaia Novarino ndi anzake anafotokoza za nthenda ya jini yotchedwa BCKDK, pomwe leucine, isoleucine ndi valine zimatsika kwambiri, m'mabanja omwe makolo anali pachibale.

Koma kuyeza mwana aliyense n'kutaya ndalama. Ku Paris mu 2011 Manuel Schiff ndi anzake anaunika ana 274 omwe anali ndi autism yokha popanda zizindikiro zina, ndipo awiri okha ndiwo anatuluka ndi kanthu. Kuyeza DNA kumapeza zambiri kuposa pamenepa. Ofunika kufufuzidwa ndi mwana yemwe anataya luso lomwe anali nalo, makamaka atadwala malungo kapena kutentha thupi. Wa khunyu losamva mankhwala. Wolobodoka thupi kapena woyenda mwadzandidzandi. Wosanza ndi kufooka mobwerezabwereza akadya za mapuloteni kapena akakhala ndi njala. Wa mutu waung'ono, chiwindi chotupa kapena fungo lachilendo. Wobadwa m'banja la pachisuweni, kapena momwe mwana wina anamwalira mosadziwika bwino.

Kwa otere, njira yotheka kwathu kuno ndi kapepala ka magazi ouma, komwe anamwino amakadziwa kale poyeza HIV mwa makanda. Dontho limodzi lalikulu lidzaze bwalo lililonse mpaka lionekere kuseri; musadonthezere kawiri pamalo amodzi, musafinye chala. Kaume chogona pamthunzi kwa maola osachepera 3, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, kenako kalowe m'kathumba kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Kutentha ndi chinyezi zimapha biotinidase n'kuphwanya ma acylcarnitine, ndiye kapepala kogonera m'galimoto mu Okutobala kangapereke nthenda yomwe kulibe. Malabotale a ku South Africa, monga Centre for Human Metabolomics ku Potchefstroom, amayeza zoterezi ndi tandem mass spectrometry. Funsani labotaleyo kaye mmene ikufunira chitsanzo musanabaye mwana.

Za leucovorin, mankhwala a mtundu wa folate, yemwe watchuka chiyambire pomwe bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linamutchula mu Seputembala 2025: mwa ana ena folate wa m'magazi amakhala bwino koma salowa mu ubongo chifukwa chitetezo cha thupi chatseka khomo lake. Richard Frye mu 2018 anayesa mankhwalawa pa ana 48 kwa milungu 12 ndipo anaona kusintha pa kulankhula, makamaka mwa omwe anali ndi ma antibody otseka khomowo. Ana 48 ndi ochepa, ndipo ma antibody omwewo amapezekanso mwa abale awo opanda autism. Umboni weniweni wa nthendayi uli m'madzi a pamsana, poyeza mtundu wa folate wotchedwa 5-MTHF.

Zoyezayeza za malonda

Kuyeza tsitsi pofuna zitsulo kumayeza sopo, mafuta odzola ndi fumbi la panjira. Kuyeza mkodzo mwana atamwetsedwa kaye mankhwala okoka zitsulo otchedwa DMSA kumakweza zitsulo mwa munthu aliyense, kenako amayerekeza ndi malire a anthu omwe sanamwe. Ndi chinyengo cha masamu. Muyeso wa IgG wa zakudya, womwe amati umaonetsa zakudya zomwe thupi limadana nazo, umangosonyeza zomwe mwana amadya kawirikawiri, ndiye umaletsa zakudya zomwe zikumusunga moyo. Zimenezi zimathera pa "kutsuka magazi", kofuna kuchotsa zitsulo m'thupi, komwe mu 2005 kunapha mnyamata wa zaka 5 ku Pennsylvania: mankhwala a EDTA anakoka kashiamu m'magazi mtima n'kuima.

Kuletsa tirigu ndi mkaka nako kuli ndi otsatira ambiri. Susan Hyman ku Rochester anakuyesa mosamala pa ana 14, makolo ndi oyeza osadziwa tsiku lomwe mwana wapatsidwa gluten (puloteni ya mu tirigu) kapena casein (ya mu mkaka), ndipo zotsatira za mu 2016 sizinaonetse kusintha. Tikumbukenso kuti nsima, mapira, mawere ndi chinangwa zilibe gluten. Ana ambiri a kumudzi amakula osadya tirigu kapena mkaka kwenikweni, ndipo autism ilipo ndithu. Mwana yemwe amadya zinthu zisanu, mukachotsa buledi ndi mkaka mwamusiyira zitatu. Ngati mukukayikira coeliac, nthenda yomwe gluten amawononga matumbo, yezani tTG-IgA mwana akudyabe tirigu, chifukwa mukasiyitsa kaye muyesowo umatuluka wabwino monama.

Mukapeza chosowa

Ayironi: 3 mg pa kilogalamu iliyonse patsiku, kuwerengera ayironi weniweni osati kulemera kwa piritsi, kwa miyezi itatu, osamwera tiyi kapena mkaka. Hemoglobin akwere pafupifupi 1 g/dL m'milungu inayi; akapanda kutero, mwina mwana akulavula, mwina pali njoka, likodzo kapena nthenda ina ya magazi. Komwe kuli malungo, agone m'neti ndipo ayezedwe thupi likangotentha. Ayironi amadzimbiritsa, ndipo kudzimbidwa mwa mwana wosalankhula kumaoneka ngati ukali ndi kudzimenya, choncho funsani za chimbudzi ulendo uliwonse. Mapiritsiwa abisidwe patali, chifukwa mwana akameza ambiri amafa. Scurvy: 100 mpaka 300 mg ya vitamini C patsiku kwa mwezi. Zinki wochuluka kwa nthawi yaitali amatsitsa kopa m'thupi n'kuyambitsanso kuchepa kwa magazi. Kwa wa zaka 4 mpaka 8 malire a tsiku ndi tsiku ndi 12 mg. B6 wambiri amawononga mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi, ndipo mavitamini A ndi D amaunjikana m'thupi. Milingo yonseyi aikhazikitse ndi dokotala yemwe wamuona mwanayo ndi kumuyeza kulemera.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pobisa mankhwala m'chakudya chomwe mwana amachikhulupirira. Ana amenewa amamva kusintha kochepetsetsa, ndipo akatulukira ufa wachilendo m'phala lake angathe kulisiyiratu phalalo, mwataya chakudya chimodzi mwa zochepa zija. Mankhwala apite paokha, pa sipuni kapena sirinji, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Chakudya chatsopano chiyambire pa chomwe amadya kale, kusuntha pang'onopang'ono: wa tchipisi ta mbatatesi ayesedwe tchipisi ta mbatata yofiira mkati todulidwa mofanana; wa ufa woyera asakaniziridwe sipuni imodzi ya mgaiwa mu khumi, iye akuona, n'kumawonjezera pakatha sabata. Chatsopanocho chikhale m'kambale kake pambali, chochepa ngati njere ya nyemba, ndipo kuchinunkhiza kapena kuchigwira kokha kuwerengedwe ngati sitepe. Pamatenga maulendo 10, 15 kapena kuposa chisanalowe m'kamwa. Bwerezani ferritin ndi CRP pakatha miyezi itatu, m'mawa ngati poyamba, ku labotale yomweyo, mwana asakudwala, ndipo mubwere ndi mndandanda watsopano wa masiku atatu kuti muuike pambali pa woyamba uja.